Mapale a Pakhomo pa Amayi

Amayi anga sankapempha zambiri. Ndikawatumizira nsalu ankathokoza, shuga ankagawira anzawo, koma pempho lawo lenileni linali limodzi chaka ndi chaka: "Mwanayo adzaponde pakhomo panga ndisanafe." Mwanayo ndi Tamanda, chisamba chathu ine ndi mkazi wanga Esinati. Adabadwira ku Nairobi, komwe ndinkajambula mapulani a nyumba m'bungwe lina la maiko ambiri. Ine ndinkangoyankha kuti chaka chamawa. Poyamba malire a Kenya ndi Tanzania anali otseka, ndipo ndege ya anthu atatu inali yosayambika. Malire atatsegulidwa, chapakati pa zaka za m'ma 1980, tchuthi ndiye chinkavuta. Chakudza sichiimba ng'oma. Uthenga wa maliro awo udandipeza ku ofesi, ndidakwera ndege ndekha, ndipo ndidafika kwathu ku Kasungu anthu atabwerako kale kumanda.

Kwathu munthu wamkulu akamwalira nyumba yake imagwetsedwa. Ndidapeza denga atasasula kale, makoma ali pamtetete kudikira mawa lake. Zidandiwawa, chifukwa amayi ankaikonda nyumba yawo. Chilimwe chilichonse ankapaka makoma katondo wofiira m'munsi, dothi loyera m'mwamba, n'kudutsitsa mzere wokhotakhota pakati ndi chala. Mphika ukasweka sankataya. Mapale ake ankawazika m'dothi pakhomo penipeni, lina pambali pa linzake, n'kusalaza ndi nkhulungo kuti madzi a mvula asakumbepo. Miphika yonse imene idatilera inali pamenepo, itasalala ndi mapazi. Ndipo aliyense wa ife akaima pamapalewo n'kunena kuti odi, kaya wafika m'mamawa kaya masana, yankho lawo linali lomwelo: "Lowa, wachedwatu."

Ndikuyang'ana mapalewo ndidakumbukira a Monsef, injiniya wa ku Tunisia amene tinkagwirira limodzi ntchito. Loweruka lina adandiitana kunyumba kwawo ku Runda, ku Nairobi konko, kuti ndikawathandize kukonza khonde monga ankachitira anthu akale a kwawo, Apuniki a mzinda wa Carthage. Anthu amenewo ankasinja mapale, n'kusakaniza ndi laimu, n'kutsira pansi m'nyumba, ndipo zikayamba kugwirana ankazikamo timiyala toyera. Pansi potero pamafiirira, sipalowa madzi, ndipo pena pakadalipo mpaka lero eni ake atatha kalekale. Ndidabwereka khasu n'kuyamba kufukula mapale a amayi aja.

"Iwe, ukukumba chiyani pamenepo?" Anali atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi.

"Pakhomo pa amayi, atsibweni. Mwana sadabwere kudzapondapo, ndiye pakhomopo papite kwa mwana."

"Za malemu sasewera nazo. Ukanyamula zimenezo mzimu ukulondola mpaka ku Kenyako."

"Ndi zomwe ndikufunazo."

Adapita kukanditengera thumba la feteleza. "Chabwino. Koma m'njiramo usakayerekeze kuuza munthu kuti ndi za womwalira. Akakutsitsa m'basi pakati pa tchire."

Thumbalo lidadzaza kupitirira theka, lolemera ngati mwana wa ng'ombe. Pa ndege likadafuna mtengo wa munthu wachiwiri, choncho ndidasankha msewu, mwezi wake wa mvula womwewo.

Pa depoti ya Kasungu tidakhala kuyambira m'mawa mpaka zithunzithunzi zathu zidalowa pansi pa mapazi. Anyamata ofunsa makadi a chipani adadutsa kawiri, wogulitsa mandasi adadutsa mpaka mandasi adatha, basi osaoneka. Itafika, kondakitala adati anyamule thumba langa, n'kulisiya msanga atagwira msana.

"Muli chiyani umu, achimwene, miyala?"

"Mapale."

"Mapale enieni? Anthu akusowa malo m'basi, mapale ali paulendo!"

Basi yonse idaseka, ine ndidalipira thumbalo ngati mwana wa sukulu, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa lidasanduka Chimapale. Ku Mzuzu kudatilandira kamvula kozizira kolowa m'mafupa. Pa Chiweta basi idatsetsereka mabuleki akununkha, amayi akuimba nyimbo za tchalitchi mosatumidwa. Ku Karonga kutentha kudatibwezera zonse zimene tidadandaula ku Mzuzu. Kuchokera apo kupita ku Songwe kunalibe basi, tidakwera lole, msewu wake ukadali wokonzedwa, ndipo dzenje lililonse ndinkalimva kawiri, m'chiuno mwanga ndi m'thumba muja.

Pa malire wa kasitomu sadakhulupirire kuti munthu wovala jekete angayende ndi mapale chabe. Adati mwina ndabisamo miyala ya mtengo wapatali. Adakhuthula thumba lonse pakhonde la ofesi n'kumatembenuza phale lililonse ndi nsonga ya nsapato. Ndidaluma mano. Atatopa adangoti, "Tolani zinyalala zanuzi, mukutchinga njira."

Ndikutola, manja ena adayamba kutola nane. Anali mayi wonenepa, wa mpango wobiriwira kumutu, amene tidakwera naye lole. Dzina lawo anali a NyaGondwe, a ku Karonga konko, ogulitsa mpunga, ndipo ankapita ku Arusha komwe mwana wawo wamkazi adakwatiwa ndipo anali pafupi kuchira.

"A Chimapale," adatero, "ine ndayenda, ndaona onyamula nkhumba, ndaona onyamula bokosi lopanda maliro. Koma inu mwawaposa onse. Akazi anu akudziwa kuti mphatso yawo ndi imeneyi?"

Ku Mbeya kunalibe dizilo. Basi inalipo, dalaivala analipo, matikiti tidagula, koma tikafunsa nthawi yonyamuka yankho linali "Sasa hivi," kutanthauza kuti pompano. Pompanoyo idadya tsikulo, idadyanso lotsatira. Tinkakhala pakatundu wathu ngati nkhuku zofungatira, kuopa kuti ukapita kukafuna tiyi upeza basi yapita kapena thumba lapita. Shuga m'matiyi munalibe, sopo m'masitolo munalibe. Malaya anga oyera adasanduka mtundu wa msewu. Pofika ku Iringa miyendo inali itatupa moti nsapato ndidazivula n'kuzikoleka m'khosi.

Ku Iringa tidauzidwa kuti basi yodzera msewu wa tala yadzaza, koma ilipo ina yodulira ku Dodoma ndi Kondoa, njira yaifupi. Ndaphunzira kuti munthu akakuuza za njira yaifupi uzimufunsa ngati iye adadzerako. Basi yake inali yokalamba, mawindo ena otseka ndi makatoni, ndipo kondakitala wake, bambo wamfupi wa ndevu zosongoka, adadana ndi thumba langa atangoliona. Adasuzumiramo n'kunena kuti, "Vigae!" Ndiwo mapale m'Chiswahili. Adaliponya pamwamba pa basi ngati mtolo wa nkhuni, ine mtima udapita nalo limodzi.

Tisanafike ku Dodoma tayala lidaphulika, pamalo popanda nyumba, popanda mtengo wa mthunzi, minga yokhayokha. Tayala lapadera nalo linali lakufa. Kondakitala adakwera lole yodutsa kupita nalo kokamatitsa, ife tidalowa pansi pa basi kuthawa dzuwa. Mbali imeneyo mvula inali isanagwe, fumbi lili m'mano. A NyaGondwe adamasula mpango n'kumadzikupiza.

"Mulungu akadangotigwetserako kamvula," adatero. Kenako adandigunda ndi chigongono. "Tsono mundiuze zoona. Munthu sagona chokumbatira thumba la zinyalala."

Ndidayamba ndi zosavuta. Ndidawafotokozera za Apuniki ndi pansi pawo pa mapale osinja. Ndidawauza zomwe a Monsef ankakonda kunena, kuti tsidya lina la nyanja ya kwawoko kunali Agiriki amene ankayala timiyala ta kumtsinje, toyera ndi takuda, n'kupanga zithunzi pansi. Makoma awo ankawapaka pulasitala n'kuwalemba mizere ndi mitundu kuti aoneke ngati omangidwa ndi miyala ikuluikulu yosema. Anthu a mitundu iwiriyi ankamenyana nkhondo, komanso ankagulitsana malonda, ndiye wina akalowa m'nyumba ya mnzake ankabako nzeru ndi maso. Mpuniki adatengera makoma a Mgiriki, ndipo ena amati luso lodula timiyala ta pansi Mgiriki adalionera kwa Mpuniki. Ophunzira mpaka lero amakangana kuti adayamba ndani.

"Ndiye kuti n'chimodzimodzi ife amayi," adatero a NyaGondwe. "Ukaona khonde la mnzako lakongola, umamunyoza masana, mawa lake uli kudambo kukumba dothi lomwelo. Koma simunandiyankhe. Agirikiwo ndi abale anu?"

Apo ndidalephera kuzemba. Ndidawauza za amayi, za pempho lawo, za Tamanda amene dzina la agogo ake ankalimva ngati dzina la mudzi wakutali. Ndidawauzanso chenjezo la atsibweni. A NyaGondwe adasiya kudzikupiza. Maso awo anali kumsewu, ndipo ndikhulupirira ankaganiza za mdzukulu wawo amene anali asanabadwe.

"Atsibweni anu adanena zoona," adatero pomaliza. "Tsekani pakamwa. Ine sindinamve kanthu."

Pemphero lawo la mvula lidayankhidwa titadutsa Kondoa. Idagwa ngati yobwezera ngongole ya zaka, ndipo m'mawa mwake msewu udali phala. Ndidawakumbutsa kuti walira mvula walira matope, iwo adati nditseke kukamwa kwangako. Basi inkayenda chokwawa, matako akugwedezeka uku ndi uku, mpaka pa kachigwa kena idangoti fwa, matayala akumbuyo kumira. Dalaivala adaponda moto, matayala adazungulira pamalo amodzi, basi idamiranso.

"Shukeni wote!" adakuwa kondakitala, kutitsitsa tonse. Amayi ndi ana adawauza kuti atsogole wapansi kukadikira pamtunda. Katundu wa pamwamba adamutsitsa kuti basi ipepuke. Amuna tidathyola nthambi n'kuika pansi pa matayala, matope adazimeza. Tidafuna miyala, koma dera lonselo linali dothi lokhalokha, mwala ngakhale wogendera mbalame kunalibe. Tidakankha, tidapuma, tidakankhanso. Dzuwa lidakwera, mitambo ina idayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo aliyense ankadziwa kuti ikagwanso tikhala pamenepo mpaka chilimwe.

Ulendo womaliza ndidaima kumbuyo kwenikweni, phewa lili pachitsulo, mutu uli pansi, maso otsinzina chifukwa cha matope othovukira kumaso. Ndidamva kondakitala akukuwa kuti "Sukuma!" kutiuza kuti tikankhe. Tidakankha. Kenako ndidamva phokoso lina pansi pa tayala, ngati la munthu wokukuta chimanga chokazinga, ndipo tinthu takuthwa tidandilasa m'miyendo. Basi idagwira, idanjenjemera, n'kutuluka. Anthu adakuwa ndi chimwemwe. Ine ndidagwa chafufumimba m'matope, ndipo potsegula maso ndidaona kaphale kakuda patsogolo pa mphuno yanga, kokhala ndi timizere timene amayi ankalemba pakhosi pa mphika.

Thumba la feteleza linali pambali, lopanda kanthu. Kondakitala adabwera akuseka, n'kundimenya paphewa. Adati mapale anga atipulumutsa, ndipo andibwezera ndalama ya katundu. Sankandichita chipongwe. Kwa iye adangotaya zinyalala pamalo pofunika zinyalala, ndipo ine mwini ndidamuthandiza kuzipera ndi phewa langa. Ndidafuna kumumenya, koma mphamvu ndinalibe. Ndidafuna kulira, misozi osabwera. Pa maliro ndidachedwa, ndipo apa ndidamva ngati ndawaika amayi kachiwiri, m'dziko la eni, pansi pa basi.

A NyaGondwe adatsika pamtunda paja akuthamanga, chitenje chili m'manja. Ataona thumba lija adaiwala zoti sadamve kanthu. Adamulalatira kondakitala m'Chiswahili chawo cha pamsika, mokweza moti basi yonse idamva: kuti amenewo ndi mapale a pakhomo pa mayi wake wa munthuyu, kuti mayiyo wangoikidwa kumene, kuti ankapita nawo kwa mdzukulu amene sadawaonepo agogo ake. Ndidati basi, zimene ankanena atsibweni zija zakwana, andisiya pompano.

Amayi ena adakokera ana awo kumbuyo. Kondakitala adayang'ana manja ake n'kuwapukutira m'buluku. Kenako bambo wina wachikulire wovala mkanjo woyera, amene ulendo wonse ankapewa matope ngati mphaka, adakwinya mkanjowo, adagwada mumkwasa wa tayala n'kuyamba kufufuza ndi zala. Adandipatsa kachidutswa n'kunena kuti, "Pole," ndiko kuti pepani. Ena adatsatira, osati onse. Kondakitala naye adagwada. Koma madzi akatayika saoleka. Ambiri mwa mapalewo anali atasanduka ufa n'kulowa m'matope, ndipo dalaivala ankaliza hutala chifukwa basi inali itaima pofewa, mvula ikubwera. Zomwe tidatola, timapale ndi matope omwe, zidakwana mumpango wobiriwira wa a NyaGondwe. Adaumanga mfundo n'kundiika pamiyendo.

M'basi mayi amene ndidakhala naye mpando umodzi adasamuka, n'kukaima pakati ndi mwana kumsana. Sindidamuimbe mlandu. Kwa nthawi yoyamba chichokere ku Kasungu ndidakhala ndi malo otambasula miyendo, ndipo sindidakondwere nawo.

Ku Arusha tidasiyana ndi a NyaGondwe. Mkamwini wawo adabwera kudzawachingamira ndi nkhani yoti mwana wabadwa kale, wamkazi. Adavina pang'ono pa depoti pomwepo, kenako adandiona n'kuleka. Ndidafuna kuwabwezera mpango.

"Mukufuna muwanyamulire m'thumba la buluku amayi anu?" adatero. "Pitani. Ndipo musambe musanafike, mungakaopseze mwana."

Pa Namanga, pa malire olowera ku Kenya, msilikali adamasula mfundo, adaona matope ouma, adandiyang'ana nkhope n'kundikodola kuti ndidutse. Ndikuganiza adanditenga ngati wodwala mutu. Za Kajiado sindikuzikumbuka, ndinali m'tulo. Ndidadzidzimuka ndi mahutala a m'tauni ya Nairobi, ndidakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, ya ku Kangemi komwe tinkachita lendi, ndipo kondakitala wake sadafunse n'komwe za kamtolo kanga.

Tamanda adandithamangira akufunsa m'Chiswahili kuti ndamubweretsera chiyani. Esinati adandilandira ndi misozi, koma nditamasula mpango n'kufotokoza, nkhope yake idasintha. Iye ndi munthu wa mapemphero.

"Abambo a Tamanda, za akufa m'nyumba muno ayi. Mwana akayamba kulota usiku mudzati chiyani?"

"Si za kumanda izi. Ndi za pakhomo. Iwenso udapondapo uli mtengwa."

"Zikhale panja," adatero, n'kulowa kukhitchini.

Zidakhaladi panja. Ndidatsuka matope aja m'beseni, n'kusefa ndi sefa ya ufa imene Esinati sadaigwiritsenso ntchito. A Monsef adabwera Loweruka ndi laimu ndi timiyala toyera totsala pakhonde lawo. Ataona kuchepa kwa mapale adakanda m'mutu, koma adati choipa chili apo, basi yatichepetsera ntchito yosinja. Tidakhoma kabokosi ka matabwa, kakang'ono ngati chivundikiro cha ndowa, n'kutsiramo. Iwo ankafuna tiike kachithunzi ka munthu wotambasula manja kamene Apuniki ankaika pakhomo, kapena mzere wa mafunde wa Agiriki m'mphepete. Ine ndidazika timiyalato mokhotakhota kudutsa pakati, monga chala cha amayi chinkayendera pakhoma. Laimu sachedwa kuwotcha m'manja koma amachedwa kuuma. Kwa milungu ingapo ndinkakawaza madzi m'mawa ndisanapite kuntchito, kenako ndidakakhuluza ndi mwala mpaka kadafiira n'kuwala.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi ndidakaika pakhomo, kunja kwa chitseko. Esinati adaima m'kati, manja atapinda pachifuwa.

"Tamanda, vula nsapato," ndidatero.

"Kwa nini, baba?" adafunsa, kufuna kudziwa chifukwa chake.

"Apa ndi pakhomo pa agogo ako. Ponda apa, unene kuti odi."

Adavula, n'kuponda mosamala ngati poterera. Mapazi ake awiri adakwanapo, zala zokha zidatulukira kunja pang'ono. Mwana anali atakula kuposa momwe ndidayezera.

"Odi!" adatero, mokweza, akuseka.

Njira yonse ija, ndi matope onse aja, sindidaganizepo zoti odi amafuna woyankha. Padangoti zii. Tamanda adasiya kuseka n'kutembenukira kwa ine. Adanenanso, chapansipansi ulendo uno, "Odi?"

Esinati adamasula manja ake. Kanenedwe kake kanali komwe kaja ka amayi.

"Lowa," adatero. "Wachedwatu."